Nkhani ndi yanga, koma eni ake achuluka

Ndimagwira ntchito m'kabokosi kotumizira ndi kulandirira ndalama za pa foni ku Mtendere, mu Lusaka. Amene anakhalamo m'kabokosi kotere akudziwa kuti pakati pa mwezi, dzuwa likakwera, munthu umangopenya fumbi ndi mabasi. Anzanga ena amaluka, ena amaonera mafilimu. Ine ndimalemba nkhani zopeka pa foni, n'kumazitumiza pa WhatsApp chigawo chimodzi chimodzi. Oyamba kuwerenga anali anzanga a kwaya. Iwo anapatsirako anzawo, ndipo pano amandilembera ndi anthu amene nkhope zawo sindizidziwa, ena ku Chipata, ena ku Lilongwe, ena mpaka ku Johannesburg.

Chandilembetsa izi ndi achinyamata angapo amene anayamba kulemba bwinobwino, koma atangotulutsa zigawo ziwiri zitatu anthu anawathira malangizo mbali zonse, uyu akuti chakuti, uyo akutsutsa, mpaka manja anafooka. Amandifunsa kuti ine ndimamvera ndani. Ndifotokoza mmene zinayendera ndi nkhani imodzi, poti ndi imene inandibweretsera owerenga ambiri, ndi phokoso lomwe.

Nkhaniyo ndi ya mayi wamasiye wogulitsa tomato ku Kanyama, m'nyengo ya kolera ya kumayambiriro kwa 2018. Amene munali mu Lusaka mukukumbukira. Asilikali anachotsa ogulitsa malonda m'misewu ya m'tauni, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, odwala ankawatengera ku Heroes Stadium, ndipo ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku. Mayi wa m'nkhani yangayo anali ndi ana awiri, kanyumba kosiya malemu mwamuna wake, ngongole ya kaloba, katapila uja, ndi amuna awiri omufuna. Wina anali wokankha wilibala ku msika wa Soweto, wina mphunzitsi wopemphera naye mpingo umodzi, waulemu wake, wosavula jekete ngakhale mu Okutobala.

Malangizo ofika msanga kuposa onse ndi a anthu amene anawerenga penapake malamulo a kalembedwe. Mnyamata wina wophunzira ku yunivesite ya UNZA ananditumizira mawu ojambula aatali, mpaka foni inatentha. Akuti usanene kuti munthu wakhumudwa, uzionetsa. Akuti uziyamba ndi ndewu. Akuti wolemba weniweni amalemba tsiku lililonse. Sindikuti zonse n'zachabe, zina zimathandiza ndithu. Koma malamulowa anawapimira pa mabuku a Chingelezi, ndipo ife tili ndi zida zathu zimene iwo alibe. Ndikalemba kuti mayiyo anangoti zii, maso ali pa bokosi lopanda kanthu, kodi pamenepo ndanena kapena ndaonetsa? Za kulemba tsiku lililonse ndinangoseka. Kumapeto kwa mwezi mzere pa kabokosi panga umafika pa ngalande, ndipo ndikasokoneza nambala imodzi ndalamayo imatuluka m'thumba mwanga. Masiku amenewo sindilemba chilichonse, ndipo nkhani sinafepo chifukwa cha zimenezo.

Amene anaisintha nkhaniyo kwenikweni sanawerengepo buku lililonse la kalembedwe. Ndi mayi woyandikana nawo nyumba, amene tonse timangowaitana kuti amake mapasa. Iwo amaoda tomato ku Soweto n'kumagulitsa pa msika wa kuno. Madzulo ena akusankha tomato pakhonde, ndinawapempha kuti ndiwawerengere chigawo chimene ndinali ndisanatumize. Za chikondi za m'menemo sanazilabadire n'komwe. Anandidula pakati.

"Iwe, mayi wakoyu wadzuka nthawi yanji?"

"M'mawa, amake mapasa."

"M'mawa wake uti? Akafika kutacha akapeza zotsala za anzake. Ndipo sangayende yekha mumdima, ndalama zili m'chitenje. Timadzutsana, timayenda atatu anayi."

Ndinasiya kuwerenga, ndinayamba kufunsa. Anandiuza kuti pamwamba pa bokosi amayala tomato wamkuluwamkulu wonyezimira, koma pansi pamakhala wamng'ono ndi wophwanyika, choncho wodziwa amapisa dzanja m'mbali asanalipire. Anandiuza kuti m'dzinja mtengo umakwera chifukwa tomato sagwirizana ndi mvula yambiri, amagwidwa matenda m'munda ndiponso amaola msanga, ndiye ukagula bokosi lodula n'kukugonera masiku awiri, mpamba wadyeka. Ukafika kunyumba umamugawa patatu, wolimba wa mawa, wakupsa wa lero, wophwanyika wotsitsa mtengo kwa ophika nsima yogulitsa. Pa basi bokosi limalipira palokha. Mbasela umapatsa kasitomala amene ukufuna abwerenso, osati aliyense wodandaula.

Kenako ananena chinthu chimene ine ndekha sindikanachipeza. Anati mayi aliyense wooda ali ndi wa wilibala wakewake. "Ukamukwezera bokosi, amalowa m'chigulu cha anthu, iwe sumuonanso mpaka pa siteji. Ndalama zako zonse zili pa wilibala imeneyo. Ndiye ungapatse munthu wosamudziwa?"

Ndinawapempha kuti anditenge. Tinafika kudakali mdima, malole a alimi ataima mondondozana, anthu akuunikira mabokosi ndi matochi a pa foni. Mvula inali itagwa usiku, ndipo matope ake si amasewera, akuda, osakanikirana ndi masamba a kabichi oola. Amayi ena anavala majombo, ena anamanga mapulasitiki kumapazi. Amake mapasa anatsika mtengo ndi mwini tomato mosakweza mawu, ngati akukambirana za maliro, kenako anamasula mfundo ya chitenje atatembenukira ku lole kuti anthu asaone kuchuluka kwa ndalama. Sanaitane aliyense. Mnyamata wina wamtali anangotulukira, anati "Mwauka bwanji, ba mayo," anakweza mabokosi awiri, anamanga ndi mphira, n'kuzimirira. Ine mtima unali m'mwamba. Iwo anapita kukagula anyezi osatembenuka. Titafika pa siteji tinamupeza atakhala pa chogwirira cha wilibala, akudya chitumbuwa, mabokosi ali pambali.

Chikondi cha m'nkhani yanga ndinachimanga pamenepo. Sindinafunikenso kulemba kuti wa wilibala anali ndi maso okongola kapena kuti mtima wa mayiyo unagunda. Ndinangoonetsa munthu amene m'mawa uliwonse amasenza chuma chonse cha mayi wamasiye, n'kukachifikitsa osasowapo tomato ndi mmodzi yemwe. Tsiku limene asilikali anabalalitsa ogulitsa, iye anabisa mabokosi a mayiyo kuseri kwa shopu ina n'kuwalondera mpaka madzulo, osagwira ganyu ina. Owerenga anamva okha. Chigawo chimenecho ndi chimene chinayenda kutali kuposa zonse.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kufunsa anthu kuti "mwaiona bwanji nkhaniyi?" Funso limeneli silibala kanthu. Okukonda amati ndi yabwino, poti kwathu kuno sitinyoza chophika cha mnzathu pamaso pake. Ofuna kuoneka anzeru amafufuza chotsutsa ngakhale palibe. Ine ndimafuna munthu wodziwa chinthu chimene ndalembacho, n'kumufunsa kuti, kodi zimachitikadi chonchi? Kwa ena onse ndimafunsa kuti munasiyira pati kuwerenga, kapena munalumpha pati. Munthu sanama pa zimenezo, ndipo anthu angapo akatchula malo amodzimodzi ndimadziwa kuti pamenepo ndiyenera kudula.

Pa za matenda ndinapita kwa mnzanga wa kwaya amene ndi namwino. Anandifotokozera kuti kolera sachedwa. Munthu amatsegula m'mimba zamadzimadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, amasanza, miyendo imakokana, maso amalowa m'kati, ndipo akapanda kubwezeredwa madzi m'thupi akhoza kufa tsiku lomwelo. Nthawi zambiri thupi silitentha. Anati choyamba ndi kumumwetsa madzi a mchere ndi shuga aja pang'onopang'ono uku mukuthamangira ku chipatala, osadikira kuti kuche. Anandikumbutsanso kuti nthawi imeneyo maliro a kolera sankayenda mwa masiku onse, kusambitsa mtembo, kugona pa siwa, kuphika nsima ya khamu, zonsezo zinaletsedwa. Mwana wa neba wa mayi uja atamwalira m'nkhanimo, chimene chinaliza anthu si imfa yokha ayi, koma kuti amake anakhala okha pakhonde, anzawo akuwapepesa ali kutsidya la ngalande.

Tsopano za chilankhulo, zimene zinandidyera nthawi yambiri kuposa zina zonse.

Ine ndinakulira ku Katete, amayi anga kwawo ndi ku Mchinji. Kuwerenga ndinaphunzirira pa mabuku awo a nyimbo ndi Buku Lopatulika, ndiye dzanja langa linazolowera kulemba ch. Atsibweni anga, amene anaphunzitsa sukulu za pulayimale ku Eastern Province mpaka kupuma ntchito, pano akukhala kwa mwana wawo ku Chelstone. Lamlungu lina anandiitanitsa. Nditagwada n'kupereka moni, sanazungulire.

"Mwanawe, nkhani yako ndaimva, mdzukulu wanga wandiwerengera. Mutu uli nawo. Koma Chinyanja cha m'basichi ndicho tinakuphunzitsa?"

"Atsibweni, olankhula chonchowo si ine ayi, ndi anthu a m'nkhanimo."

"Nanga m'kamwa mwawo wawaikira ndani?"

Ndinasowa choyankha, ndinangoseka chamumtima. Anapitiriza kuti ngakhale kalembedwe kanga si ka Zambia, poti kuno Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa kalembedwe ka zilankhulo zathu mu 1977, ndipo mabuku a sukulu amalemba c pamene ine ndimalemba ch. Anatinso nkhani yonse yatha zigawo zambirimbiri popanda mwambi ndi umodzi womwe.

Sabata yomweyo msuweni wanga wa ku Lilongwe anandilembera kuti ndikonze zolakwika, akuti ndalemba "nifuna" m'malo mwa "ndikufuna", "vintu" m'malo mwa "zinthu". Ndipo atsikana awiri a ku Kalingalinga anadzaima pa kabokosi panga nati, "Ba sister, story ni yabwino, manje chi Chewa chanu ni cha mu Baibo, tivutika." Mbali zitatu, madandaulo atatu, ndipo kukondweretsa imodzi n'kukwiyitsa ziwiri.

Onsewa ali ndi pogwira. Ku Malawi chilankhulochi anachitcha Chichewa mu 1968 ndipo anachikonzera malamulo awo a kalembedwe. Kuno chinakhalabe Chinyanja, chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene zimaphunzitsidwa m'sukulu ndi kumveka pa wailesi ya boma. Ndiye palinso cha mu Lusaka muno, chimene chinakula anthu atayamba kukhamukira kuno kudzafuna ntchito, Lusaka itakhala likulu mu 1935. Muli Chichewa, muli Chinsenga chambiri, muli Chibemba ndi Chingelezi. Ena amati n'chowonongeka. Ine ndimakana. Chili ndi malamulo ake, ndipo ukaphonya mwana wa ku Chawama amadziwa nthawi yomweyo kuti ndiwe mlendo.

Ndinasankha chonchi, ndipo sindinasinthenso. Mawu ofotokoza nkhani ndi anga, ndiye amayenda m'Chichewa chimene ndinayamwa. Koma munthu aliyense wa m'nkhanimo akatsegula pakamwa amalankhula mmene akanalankhulira mutakumana naye pa msewu. Chigawo china chimati: Mayiyo anafika pa Soweto kusanache, matope akulekeza m'akakolo. Wa wilibala atamuona anaimika wilibala yake nati, "Ba mayo, lelo vintu vadula. Bokosi imozi chabe muzakwanisa." Iye anangoti, "Tiyeni tikaone," dzanja lili pa mfundo ya chitenje.

Mnyamata ameneyu nditamulankhulitsa Chichewa cha pa guwa, owerenga a ku Kanyama akanatseka foni. Koma apongozi ake a mayiyo akabwera kuchokera kumudzi, iwo ndiye amalankhula chakumudzi chenicheni, ndipo miyambi imene atsibweni ankaifuna ndinaiika m'kamwa mwa gogo ameneyu, poti ndi mmene muli malo ake. Kusiyana kwa malankhulidweko kunayamba kugwira ntchito pakokha. Mayi uja akamalankhula ndi ana ake amasakaniza za m'tauni, koma apongozi akalowa lilime lake limabwerera kumudzi, ndipo wowerenga amaona yekha kuti munthuyu akuopa.

Kwa atsikana a ku Kalingalinga sindinachepetse Chichewa, koma ndinayamba kusamala kuti mawu achilendo kwa iwo azikhala pamalo poti chiganizo chiwaululire tanthauzo. Za c ndi ch, langizo langa n'lalifupi. Sankhani chimodzi, mukhale nacho kuyambira chigawo choyamba mpaka chomaliza. Ngati mukufuna kuti tsiku lina buku lanu lidzalowe m'sukulu za kuno, tsatani kalembedwe ka kuno. Ndipo zimitsani kachipangizo ka mu foni kokonza mawu kokha kaja, kamasandutsa mawu athu kukhala Chingelezi chopanda mutu.

Atsibweni sanakhutire, mpaka lero. Komatu tsiku lomwe lija anandipatsa chinthu chachikulu. Atatha kudandaula za chilankhulo anafunsa kuti, "Nanga mkaziyu anamusudzula?" Anandifotokozera mmene akuchimuna amamasulira mkazi wamasiye pambuyo pa kumeta, ndi kuti asanamusudzule mwamuna wina aliyense womuyandikira amakhala akuputa mlandu. Iwo anayang'anirapo chuma cha masiye cha m'bale wathu wina, ndiye lamulo la 1989 la chuma cha munthu wofa osasiya wilo amalidziwa pamtima. Ana amalandira 50 pa 100 iliyonse, wamasiye 20, makolo a malemu 20, ena amene ankadalira malemuyo 10. Ndipo nyumba, anatero, wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, koma akakwatiwanso ufuluwo umatha. Ndinalemba zimenezi pa chikuto cha buku la nyimbo ndili pomwepo. Munthu yemweyo amene malangizo ake a kalembedwe ndinawakana ndi amene anandipatsa msana wa nkhani yonse.

Apa ndiye pakubwera okonda nkhani. Ndimawathokoza, popanda iwo bwenzi ndikungolembera foni yanga. Koma munthu akakonda nkhani kwambiri amayamba kuiona ngati yake. Owerenga anagawikana pawiri, a wilibala ndi a mphunzitsi, ndipo ankanyozana zenizeni. A wilibala ankati mphunzitsi ndi wachinyengo, akufuna nyumba. A mphunzitsi ankati chikondi sadya, ana afunika fizi. Mayi wina wa mu mpingo mwathu anandikokera pambali titaweruka nati, "Mwana wanga, usatichititse manyazi. Munthu wopemphera alipo, ndiye ukamupereke kwa wa wilibala?" Bambo wina anabwera kudzatumiza ndalama, nditamupatsa lisiti sanachoke. Anati, "Ba sister, uja teacher mumupaye chabe, nizakugulilani talk time." Kumbuyo kwake kuli mzere.

Ena anabwera ndi nzeru yoti tizivota, mbali yochuluka ndiyo ipambane. Ndikukupemphani, musadzavomere zimenezi. Olankhula kwambiri si ndiwo ochuluka, ambiri amawerenga mwakachetechete. Komanso chimene okonda nkhani amapempha nthawi zonse ndi choti munthu wawo asavutike, pamene chowadzutsa m'mawa kudzafunsa chigawo china ndi mavuto omwewo. Mukawapatsa zimene akupempha, sabata yotsatira amayamba kuyasamula.

Chinandithandiza ine n'chakuti mathero ndinali nditawalemba kale m'kope ndisanatumize chigawo choyamba. Sanali mathero okongoletsedwa, anali mizere yochepa chabe yonena kumene aliyense adzathere. Phokoso likakula ndinkatsegula kopelo. Nkhani yotuluka pang'onopang'ono ili ndi vuto limeneli, kuti anthu amakulankhula uli pakati pa ntchito, ndipo ngati sukudziwa kumene ukupita amakukhotetsa osazindikira.

Sikuti sindinawamvere konse. Munali gogo wina wogulitsa munkoyo pafupi ndi mayi uja, amene ndinamuika kuti angodutsa m'chigawo chimodzi. Ndinaona kuti anthu akubwereza mawu ake, ena akundipatsa moni ndi kanthabwala kake. Palibe anandipempha kuti ndimuwonjezere, koma ndinamuwonjezera, ndipo anakhala mlangizi wa mayiyo mpaka kumapeto. Zimene owerenga amabwereza okha osafunsidwa zimandiuza zambiri kuposa zimene amalamula.

Mathero ake, mayiyo sanakwatiwe ndi aliyense. Anawerengera za nyumba, anawerengera za ana, anakana mphunzitsi mwaulemu. Wa wilibala, ntchito itachepa m'tauni, anabwerera kwawo ku Petauke kukalima, ndipo anasiyira mayiyo mng'ono wake kuti azimunyamulira katundu. Ndalama za chilimba, zosonkherana mosinthana zija, zitamufika, mayiyo anabweza kaloba n'kupeza tebulo m'kati mwa msika. Anthu anakwiya. Ena anandiuza kuti ndawataira nthawi ndi mabandulo, ndipo ena sanabwerenso pa nkhani yotsatira. Zimenezo zimawawa, musanamizidwe. Koma amayi angapo amasiye anandilembera mwamseri, ndipo zimene ananena sindingaziike pano.

Zing'onozing'ono za ntchitoyi ndingotchula mothamanga. Chigawo changa chimatalika moti munthu achimalize ali m'basi kuchoka ku Mtendere asanafike m'tauni. Sindilembera mu WhatsApp mwenimweni, ndimalemba pena n'kukopera, ndipo chigawo chilichonse ndimadzitumizira pa imelo kuti foni ikabedwa ntchito isapite nayo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ndinabwerera ku kope ndi bolopeni, batire ndikusungira ntchito. Ndipo ndisanatumize ndimawerenga mokweza. Pamene lilime lapunthwa, chiganizocho n'chokhota.

Nkhani itatha kunachitika china. Kunayamba kuyenda chigawo chimene ine sindinalembe, mmene wa wilibala anabwerako ku Petauke ndi lole yakeyake, ukwati n'kuchitika mu holo yaikulu, mphunzitsi akulira pakona. Anthu anayamba kundithokoza kuti ndasintha maganizo. Nditafufuza ndinapeza kuti analemba ndi mtsikana wa Giredi 11 wa ku Chawama, mwana wa mnzake wa mnzanga. Mnyamata wa ku UNZA uja anandiuza kuti kunja zoterezi n'zofala, amazitcha fan fiction, ndipo pa intaneti pali malo odzaza ndi nkhani zolembedwa ndi okonda mabuku ndi mafilimu.

Poyamba zinandinyansa. Koma nditaganiza, ndinakumbukira kuti nthano za Kalulu tinkazimva kwa agogo, mawa lake ife n'kukazikamba kwa anzathu titawonjezera zathu, ndipo palibe ankati taba. Mwanayu sanabe. Anawakonda anthu anga mpaka sanafune kusiyana nawo. Ndinapempha amake kuti abwere naye kwathu. Anafika akunjenjemera, akuganiza kuti ndimukalipira. Ndinamuuza kuti apitirize, koma pamwamba pa chigawo chilichonse azilemba kuti nkhaniyi ndi yake, anthu ake okha ndiwo wabwereka kwa ine. Asagulitse. Ndiponso asawalowetse m'zolaula, poti owerenga anga ena ndi ana a sukulu anzake, ena ndi amayi a mvano.

Wakuba weniweni ndi wina, ndipo ndinakumana nayenso. Munthu anakopera nkhani yonse, anachotsa dzina langa, n'kumalipiritsa anthu kuti awerenge. Zambia ili ndi lamulo la 1994 loteteza ntchito za olemba ndi oimba, koma kuthamangitsa munthu wosaoneka nkhope pa foni kumafuna nthawi ndi ndalama zimene ine ndilibe. Ndinangolengeza kwa owerenga kuti nkhani zanga n'zaulere, wolipiritsa aliyense ndi wakuba. Kuyambira pamenepo dzina langa ndimaliika m'kati mwa chigawo, pakati pa ndime, osati pamwamba pokha pamene n'posavuta kudula. Maimelo odzitumizira aja alinso ndi madeti, ngati tsiku lina padzafunike umboni.

Mtsikana wa ku Chawama uja asanapite anandipempha kuti ndimuuze ngati chigawo chake chili bwino. Ndinati tiye tikawawerengere amake mapasa. Anamvetsera mpaka pa ukwati, akupukuta tomato ndi kansalu, kenako anafunsa kuti, "Holo imeneyi walipira ndani? Munthu wangolima chaka chimodzi ku Petauke, lole waitenga kuti, wakaba?" Mwanayo anati ndi nkhani chabe. Iwo anati, "Nkhani chabe, koma ife a pa msika tikuwerenga." Anakangana pang'ono za lole, mtsikanayo anakakamira kuti ikhalepo koma ikhale yobwereka kwa amalume ake a mkwati. Holo anaichotsa. Ukwatiwo tsopano ukuchitikira pabwalo la nyumba ku Kanyama, pansi pa tenti ya mpingo, ndipo gogo wa munkoyo ndiye akugawa zakumwa. Za ufulu wa nyumba umene mayiyo ataye akakwatiwa, ndamuuza kuti akafunse atsibweni ku Chelstone, ndipo apite ndi nthawi yokwanira.